Mphindi khumi ndi ziwiri za Lachinayi

Mkazi wanga anali ndi ola lake kutchalitchi, Lachinayi lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 3 koloko masana. Tsiku limenelo wansembe amatulutsa Ukaristia n'kuuika paguwa, m'chotengera chagolide chooneka ngati dzuwa, m'kachipinda ka m'mbali mwa tchalitchi. Anthu amasinthana kukhala nawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, munthu mmodzi ola limodzi. Lamulo lake ndi limodzi basi, loti Ambuye asasiyidwe okha. Sudzuka mnzako asanalowe.

Ine si wa mpingo umenewu. Ndinangokwatiramo. Ndimakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinkadandaula chinthu chimodzi: mkazi wanga ankanyamuka msanga. Kuchokera kwathu ndi ulendo wa mphindi khumi, koma hafu pasiti wani inkamupeza ali kale pamsewu, ine ndisanamalize n'kudya komwe. Ndikafunsa ankangoti, "Idyani, bambo."

Atamwalira, dzina lake linatsala pabolodi la maina ndi maola, pakhomo la kachipindako. Lachinayi loyamba titaika maliro ndinakhoma bokosi la zipangizo n'kupita. Sindinaganize zambiri. Ndinanyamuka nthawi imene iye ankanyamukira.

M'katimo muli mabenchi anayi, makandulo awiri, fani yosazungulira ndi wotchi yapakhoma. Ndinakhala pabenchi lakumbuyo, kuseri kwa chitseko. Ola la 1 koloko linali la amayi apampando a gulu lopembedzalo, mayi wamtali wa magalasi aunyolo, amene amagulitsa mankhwala pasitolo ya kuseri kwa msika. Wotchi yapakhoma italoza 2 koloko anapsompsona korona wawo wopempherera, n'kugwada mawondo onse awiri, n'kundigwedezera mutu potuluka. Ndinayang'ana ya pamkono panga. Kunali kutatsala mphindi khumi ndi ziwiri.

Wotchi yanga sinama. Yapakhomayo ndi imene inkathamanga. Ndinakhala pamenepo n'kumvetsa chimene chinkathamangitsa mkazi wanga pachakudya. Amayi apampando amayamba ntchito 2 koloko yeniyeni, ndipo kuchokera kutchalitchi kukafika kusitolo kwawo ndi ulendo wa mphindi khumi ndi ziwiri. Zaka zonsezo iye anali kuwatsekera mpatawo, osauza munthu, ngakhale ine wokonza mawotchi.

Ndinapitiriza kupita. Mapemphero awo sindiwadziwa, ndipo mawondo anga salola kugwada. Ndinkangokhala. Ambuye ali uko, ine ndili kuno, palibe woyankhula. Ndi mmene tinkakhaliranso ndi mkazi wanga madzulo, ndiye sizinandivute.

Patatha miyezi itatu amayi apampando anabwera pakhonde panga. Anaika chikwama pamwamba pa mawotchi a eni ake.

"Bambo a mawotchi, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera."

"Takambirana ku komiti. Tikuthokoza kwambiri. Koma bolodi lija ndi la amoyo."

Ndinapitiriza kumasula kasikuluwu.

"Malemu anapita kukapembedza maso ndi maso, safunikanso ola. Ndiye inuyo, musakhumudwe, simulandira Ukaristia. Korona mulibe. Ena akuti mumagona."

"Sindigona."

"Mumatseka maso."

"Inunso mumatseka."

"Ine ndimakhala ndikupemphera, bambo." Ananyamula chikwama chija. "Ola lija tapatsa aphunzitsi opuma aja. Ayamba Lachinayi lino. Inu mupumule."

Lachitatu ndinadutsa patchalitchi. Dzina la mkazi wanga anali atalifufuta ndi nsalu yonyowa. Panali patatsala mchira wa chilembo chomaliza, ndipo pamwamba pake analembapo dzina la aphunzitsi, zilembo zikuluzikulu. Ndinaima pang'ono n'kubwerera kuntchito. Tsiku limenelo ndinabwezera munthu wotchi ndisanaikemo batire.

Lachinayi ndinadya, n'kutsuka mbale yanga, ndipo hafu pasiti wani inandipeza pamsewu. Ndinakhala pabenchi langa lomwe lija. Amayi apampando anacheuka, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwerera ku korona wawo.

Wotchi yapakhoma inaloza 2 koloko. Anapsompsona korona, n'kugwada, n'kutembenuka. Aphunzitsi kunalibe. Anasuzumira panja. Pabwalo panali galu yekha atagona pansi pa galimoto ya wansembe.

Ndinadzuka n'kutenga chipewa changa.

"Mukupita kuti?" ananong'ona, atanditsekera pakhomo.

"Kukapumula."

"Dikirani kaye aphunzitsi. Achedwa."

"Sanachedwe." Ndinawaonetsa mkono wanga.

"Ine ndimatsata wotchi ya m'nyumba ya Mulungu."

"Aphunzitsi amatsata ya pafoni."

Anayang'ana kuguwa, n'kuyang'ana kumsewu. Makiyi a sitolo anali kale m'manja mwawo.

"Bambo, abwana anga amaima pakhomo ndi wotchi. Khalani pang'ono chabe."

"Sindili pabolodi."

"Bolodi ndi thabwa."

"Sindilandira."

"Sindikuti mulandire, ndikuti mukhale!" Mawuwo anatuluka mokweza, ndipo anatembenukira kuguwa n'kuwerama ngati akupepesa.

"Ndikakhala, Ambuye ali ndi munthu kapena ali okha?"

Anayang'ananso kuguwa. Kandulo imodzi inali kudontheza pansalu. Anaitembenuza pang'ono, ngakhale sinali ntchito yawo.

"Ali ndi munthu," anatero.

Ndinabwerera pabenchi n'kuika chipewa pabondo. Ndinamva nsapato zawo zikugogoda msangamsanga pasimenti mpaka kugeti.

Mphindi khumi ndi ziwiri si nthawi yaitali. Ndinaona kuti pathabwa la benchi lakutsogolo kwanga pali malo amene vanishi anatha, kukula kwake ngati chikhatho. Mkazi wanga ankagwira pamenepo podzuka, chifukwa cha chiuno. Ndinali nditakhalapo miyezi itatu osaona. Ndinaikapo dzanja langa. Linali lalikulu pang'ono.

Aphunzitsi analowa 2 koloko yeniyeni, atanyamula mabuku atatu ndi botolo la madzi. Anagwada, n'kuyang'ana khoma, n'kuyang'ana foni, n'kubwera kwa ine.

"Akulu, si inu a mawotchi aja?"

"Ndine."

"Iyi ikuthamangatu."

"Ndaiona."

Ndinawasiyira ola lawo n'kutuluka.

Madzulo amayi apampando anadzera pakhonde panga akuweruka. Ulendo uno chikwama anachigwira m'manja.

"Ndayankhula ndi aphunzitsi. Akuti iwo analonjeza ola limodzi, osati ola ndi nyenyeswa."

"Akunena zoona."

"Ola lija sitingawalande. Tinawalengeza kale pa Misa."

"Musawalande."

"Koma kampata kaja." Anakonza magalasi. "Kodi malemu ankadziwa?"

"Ankasiya chakudya."

Anayang'ana mawotchi a patebulo nthawi yaitali, ngati akufuna kugula.

"Ndilembe dzina la ndani?"

"Limene munafufuta lija."

"Bambo, ndinakuuzani kuti bolodi ndi la amoyo."

"Munati ndi thabwa."

Lachinayi lotsatira ndinapeza mzere watsopano pabolodi, wothinana pakati pa dzina la amayi apampando ndi la aphunzitsi. Analemba ndi choko chosongoka kuti zikwane: 1:48 mpaka 2:00, kenako dzina la mkazi wanga. Chilembo chimodzi analakwitsa. Ndinanyowetsa chala n'kukonza.

Patapita milungu iwiri wansembe anandipeza pakhomo la kachipindako. Ndi munthu wachangu, woyenda ndi makiyi ambiri.

"Bambo, aphunzitsi akundivutitsa za wotchi iyi. Akuti inu ndi katswiri. Mungationere?"

Anabweretsa mpando. Ndinakwera, n'kuitsitsa, n'kuitsegula kumbuyo. Linali vuto laling'ono, la mphindi zisanu ndi kasikuludiraiva. Ndinapukuta fumbi pagalasi ndi mkono wa malaya, n'kuitseka, n'kuipachikanso pamsomali wake.

"Mwaipeza bwanji?"

"Ikuyenda."

"Koma akuti ikuthamanga."

"Muisiye, abambo. Mukaigwira muiwononga."

Wansembe anagwedeza mutu n'kunyamula mpando wake. Ine ndinakakhala kuseri kwa chitseko, chifukwa yapakhoma inali itatsala pang'ono kuloza 2 koloko.