Moto Wonama wa Loweruka

Ozimitsa moto atabwera kudzaphunzitsa ku fakitale ya mipando komwe ankagwira ntchito, kalipentala wina anabwerera kunyumba mutu utadzaza malangizo. Loweruka masana anakhazika ana ake atatu pabalaza.

"Ndikakuwa kuti moto, musatole kanthu. Utsi umakwera m'mwamba, ndiye inu muzikhala pansi. Tikakumane pageti."

"Moto wake weniweni, adadi?" anafunsa mwana wamkulu.

"Wonama. Koma muchite ngati weniweni."

"Nanga tsiku la weniweniwo tidzadziwa bwanji?"

Ku fakitale kuja palibe anafunsa zimenezo.

"Inu ingomverani," anatero bamboyo. Analowa kukhitchini n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse.

Anali ataiwala kuuza mkazi wake. Mayiyo anatulukira kubafa sopo ali m'maso, akuitana ana mosokoneza mayina. Mnansi wa kuseri kwa mpanda anafika ndi chidebe n'kukhuthulira madzi pa sitovu yozima. Mwana wamkulu anakwawa bwalo lonse, wachiwiri ali pambuyo atakolekera mphaka kukhwapa.

"Moto uli pati?" anafunsa mnansi uja, ali wefuwefu.

"Palibe, achimwene."

"Nanga mumakuwiranji?"

Asanayankhe, kalipentalayo anayang'ana pageti. Ana analipo awiri. Wamng'ono, kamtsikana ka zaka zinayi, panalibe. Ankadziwa bwinobwino kuti m'nyumbamo mulibe moto, komabe miyendo inathamanga yokha. Kuchipinda cha ana, zii. Kuseri kwa chitseko, ayi. Anakapeza pansi pa bedi la iye mwini, kuseri kwa masutikesi, katatseka makutu.

"Munati tikhale pansi," kanatero. "Ine ndakhala."

Bamboyo anakhala pasimenti, thukuta lili kamukamu. Mukanakhala utsi, ndani akanasuzumira kumeneko?

"Si pansi pamenepa, mwanangu. Osabisala. Ukhale pansi, koma utuluke."

"Ndikhale kapena ndituluke?"

Anayesa kufotokoza kawiri, mawu ake omwe akumusokoneza. Kenaka anangogwada.

"Zisiye. Uone mmene ndikuchitira ine, unditsate."

Anakwawa onse awiri, kudutsa m'khonde monyowa ndi madzi a mnansi aja, mpaka pageti. Kamtsikanako kanafika kakuseka, maondo ali mbuu.

Mayi ake anapukuta sopo kumaso n'kuyang'ana mwamuna wawo, yemwe anali chigwadire.

"Tibwerezenso, bambo a ana," anatero. "Inenso sindinamve kuti ndizithawira kuti."