Kansalu ka pa Phewa la Kettie

Kettie, wogulitsa nkhuku yootcha pa msika wa Nsungwi, sankachotsa kansalu pa phewa. Ankapukutira mpeni, thabwa lodulirapo nkhuku yaiwisi ndi manja, ndipo akafika kunyumba ankapukutiranso mbale ya mwana wake Tione.

Tione atatsegula m'mimba kachitatu, Kettie anamutumiza kwa achemwali ake ku Dowa. Ankati nyumba ya lendi imene ankakhalamoyo munthu wina anaikamo mankhwala.

Salama, mnzake woyeza matenda kuchipatala, anadula chidutswa cha kansaluko n'kupita nacho kukachiyeza. Lachisanu anafika pa benchi ya Kettie kumsika ali wefuwefu.

"Make Tione, mfiti yako ndaipeza! Ili pa phewa pakopo!"

"Iwe usandiseke. Nsalu ingadwalitse munthu?"

"Tizilombo ta m'matumbo a nkhuku sitifa nkhuku ikaphedwa. M'nsalu yonyowa ndi m'ming'alu ya thabwa timakhala masiku ambiri. Ukamapukuta mbale umakhala ukutipaka pomwe mwana adyere."

Kettie anawomba m'manja n'kufuula mpaka ogulitsa tomato anatembenuka.

"Ndiye nyumba ilibe mlandu? Mwana wanga angabwere?"

"Abwere. Nsalu uziwiritsa, za kumsika zisakhudze mbale za kunyumba, m'manja uzisamba ndi sopo."

Kettie anapatsa Salama nkhuku zotsala, natseka benchi dzuwa lili pamutu. Kunyumba analongedza chitenje ndi nsapato za Tione m'chikwama.

"Ndikukwera minibasi ya ku Dowa lero lomwe," anauza aneba. "Ndikukatenga mwana wanga."