Sitika ya pa Dashibodi

Adikoni anadziwa kuti apusitsidwa pamene galimoto inadumpha kamtunda ka pageti, theka la dashibodi n'kupendekera pampando wa malemu akazi awo. Chimene chinaligwira kuti lisagweretu chinali sitika yonyezimira yolembedwa kuti AMBUYE AMAONA ZONSE.

Galimotoyo inali yakale, ya mtundu uja wokhala ndi bedi ndi kasitovu kumbuyo. Ankapita nayo kumisonkhano ya chitsitsimutso, iwo pachiwongolero, mayi pambali akuyambitsa nyimbo. Mayiwo sankatha kuimba manja ali phee. Ankamenya dashibodi ndi chala cha mphete, malo amodzimodzi, mpaka pulasitiki inasalala n'kulowa kadzenje kokwana nsonga ya chala. Chimwalirire mayiwo, Adikoni sankaliza injini asanaike chala pamenepo n'kupemphera.

Tsono mkamwini wawo anabwereka galimotoyo, n'kuibweza ili ndi sitika pamalo omwewo. Zinawawawa Adikoni, koma mawu otere akanawamatula bwanji? Komanso mkamwiniyu kutchalitchi ankangoonekera pamaliro ndi paukwati. Lamlungu lotsatira Adikoni anaimirira pamaso pa mpingo n'kuchitira umboni kuti mbewu yayamba kumera pathanthwe. Amayi a kwaya anaimba mpaka misozi.

Tsiku la kamtunda ka pageti lija, Adikoni anamasula chidutswa chonse cha dashibodicho, n'kuchigoneka chafufumimba patebulo la m'galaja. Kumbuyo kwake kunali mng'alu wautali, wopakidwa guluu wouma mbuu. Anaitanitsa mkamwiniyo pamodzi ndi mkazi wake, mwana wawo womaliza amene onse ankamutcha Chitsiriza.

"Akamwini, khalani apa. Ayi, apa, pafupi ndi ntchito ya manja anu."

"Bambo, ine ndimati ndikuuzani."

"Liti? Lipenga likalira?"

Mkamwini anayang'ana nsapato zake. Anafotokoza kuti ankafuna kuchotsa wailesi ya makaseti kuti aikepo pochajira foni, anakanula ndi sikuludiraiva, chinthu n'kungoti thyo.

"Za kuthyolazo sindikunena," anatero Adikoni. "Pulasitiki iyi yapsa ndi dzuwa zaka zonsezi, ngakhale ine ndikanaithyola. Koma dzina la Ambuye kulisandutsa pulasitala? Ine n'kukaima kutsogolo, tayi pakhosi, kuuza anthu kuti mwatembenuka mtima. Abusa anandigwira chanza ndi manja awiri."

"Ndapeza dashibodi ina kwa ogulitsa zida za galimoto zakufa, bambo. Yabwinobwino, yopanda n'kachipsera komwe."

"Ili ndi chala cha apongozi anu?"

Mkamwini anatembenukira kwa mkazi wake, osamvetsa. Chitsiriza yekha ndiye anamva, ndipo anayamba kupotokola lamba wa chikwama.

"Adadi, sitikayo ndinagula ndine. Awa anangomata. Ndinadziwa kuti mawu ngati amenewa simungawamatule."

Adikoni anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Mlendo akakupusitsa umati sakukudziwa. Koma uyu anali mwana amene anakulira pabedi la kumbuyo lija, akugona ndi kugogoda kwa mphete ya mayi ake. Anayeza bambo ake bwinobwino, n'kupeza pamene ali ofewa.

"Wandiphunzira ndithu, mwanawe. Sukulu sinapite pachabe. Kandiwiritsire madzi."

Adikoni anaviika kansalu m'madzi otentha n'kufunditsa sitikayo kufikira inafewa. Anaisenda pang'onopang'ono ndi chikhadabo, milomo ikuyenda chamumtima. Kadzenje kanalipo, kosalala ngati kale. Koma mng'alu unali utalunjika komweko, utatsala pang'ono penipeni kuti ulowemo. Kamtunda kena kamodzi, ukanakadula pakati.

"Mwaona? Mng'alu ukauphimba sugona. Umayendabe kunsi."

Anaboola kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire. Guluu anampatsa mkamwini kuti apale yense ndi mpeni, chifukwa pulasitiki yodetsedwa sigwirana. Iwo anadula tiwaya, kutipinda ngati mano a sowo, n'kutenthetsa chitsulo chowotcherera.

"Gwirani uku ndi uku, mukanikize. Mukasuntha, ndiwotcherera ndi chala chanu chomwe."

Kawaya kalikonse anakamiza m'pulasitiki chakumbuyo, kopingasa mng'alu. Utsi wonunkha unadzaza galaja. Mkamwini anatsokomola, maso ali psuu, koma sanasiye. Kenaka Adikoni anacheka kachidutswa m'mphepete mobisika mwa dashibodi yomweyo n'kukasungunulira mumng'alumo, poti pulasitiki imalandira mbale wake yekha.

Chitsiriza anali atayamba kung'ung'udza nyimbo imene mayi ake ankaikonda.

"Usandinyengerere ndi nyimbo," anatero Adikoni osadzutsa mutu. Koma patapita kanthawi mawu awo a besi analowa okha pansi pake, ndipo zimenezi zinawakwiyitsanso.

Dashibodi itazizira anaitembenuza. Kumaso kunatsala mzere woonekeratu, wothera pakabowo kaja.

"Titaipopera penti yakuda, bambo, palibe angadziwe," anatero mkamwini.

"Mwayambanso? Dashibodi iyi yaphimbidwa mokwanira."

Anaibwezera m'malo mwake n'kumanga zomangira zonse. Adikoni anakhala pachiwongolero, anatambasula dzanja, chala n'kukwana m'kadzenje ngati masiku onse. Anatseka maso. Pemphero linatalika, chifukwa panali anthu awiri oti awakhululukire ndipo mtima unali kukanabe.

Atatsegula maso anati, "Lamlungu ndikakonza umboni wanga. Nonse awiri mukakhale benchi yakutsogolo. Akamwini, mubwere ndi tayi."

Sitika inali patebulo, itapindika. Kuitaya m'bini sakanatha. Anaiwongola pabondo n'kupatsa Chitsiriza.

"Mawuwa salakwa ayi. Ukaimate pakalilole wako."