Switi Imodzi Pambale

Amene anabwera ndi nkhani ya switi ndi alamu anga a Kokutona, achemwali a mwamuna wanga. Anandipeza ndikusenda nthochi pakhomo pathu ku Kirumba, ndipo asanakhale pansi n'komwe anali atayamba kale.

"Mama Kemi, tsiku la mayeso ukulidziwa koma?"

"Lachinayi sabata yamawa, alamu."

"Ndiye wamukonzekeretsa chiyani mwanayu? Kapena ukuyesa akukamufunsa dzina la bambo ake?"

Kemilembe, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali ndi zaka zinayi. Tinkafuna alowe sukulu ya mkaka ya paphiri, ya mpanda wa buluu ija, chifukwa mwana akalowa pamenepo amapitirira mpaka kumaliza pulayimale osasakanso malo kwina. Malo anali makumi awiri okha, koma owafuna ankadzaza bwalo. Ndiye eni sukulu anapeza sefa yawo. Safunsa zilembo kapena manambala ayi. Amati amayeza khalidwe la mwana, kuti adziwiretu munthu amene adzakhale akakula.

"Amamusiya yekha m'chipinda, switi imodzi pambale," anatero alamu. "Amamuuza kuti ukadikira mpaka ndibwere, ndikupatsa ziwiri. Akadya, basi, alemba kuti ndi wopupuluma, bwererani kwanu. Akapirira mphindi khumi, ameneyo ndiye mtsogoleri wamawa."

Tonse tinacheuka. Kemi anali kuseri kwa chitseko, chala chili m'chitini cha shuga.

"Uyu?" Alamu anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Uyu angadye ndi mbale yomwe! Watengera bambo ake. Mutalemwa ali mwana ankatola bwanoni ali m'chiwaya, moto uli lawilawi."

Ine sindinaseke. Ndine munthu woti mwana akatsokomola kawiri ndayamba kale kumugwira pamphumi. Tsiku lomwelo ndinagula paketi ya maswiti n'kuyamba kumuphunzitsa. Ndimati ndikaika pambale n'kutembenuka, ndisanafike pakhomo ndimamva kale pepala likuti khwakhwa. Ulendo wina ananditsatira kukhitchini, tsaya lili lotupa, theka la switi lili m'manja, lonyowa ndi malovu.

"Amama, yanu iyi."

Ndi mmene analili Kemi. Chilichonse chokoma ankaluma n'kundibweretsera theka, ngakhale chipisi.

Loweruka alamu anabweranso kudzaona mmene zikuyendera. Nditawauza, anapukusa mutu n'kutsegula chikwama. Anatulutsa kapepala, m'kati muli tsabola atatu, ofiira, aang'ono ngati zala za khanda.

"Ukuyesa wanga Rweyemamu analowa bwanji chaka chatha? Ndi mapemphero?"

"Alamu, ayi."

"Tamvera kaye. Udule tsabolayu, upake switi, ukulungenso bwinobwino. Ya pambale ikhale yopaka. Ziwiri zomwe ubwere nazo zikhale zabwino. Masiku atatu okha. Mwana si mbuzi, aphunzira."

"Nanga si nkhanza zimenezo?"

"Nkhanza ndi kumusiya akakhale pansi ndi ana zana m'kalasi imodzi. Iwe unafika Folomu 4, sukudziwa? Theka la amayi apaphiri paja anachita zomwezi. Akungovala magalasi akuda basi."

Anasiya kapepala kaja pawindo. Ndinakadutsa Loweruka lonse ndi Lamulungu lonse osakakhudza, koma sindinakataye. Mutalemwa nditamufunsa anangoti, "Achemwali ndi amene akuzidziwa za sukulu," n'kupitiriza kupukuta njinga yake yamoto.

Lolemba m'mawa ndinapaka.

Ndinaima kuseri kwa chitseko n'kumasuzumira pampata wa mahinjesi. Kemi anamasula pepala msangamsanga monga mwa masiku onse, n'kuponya m'kamwa. Poyamba sanalire. Anangoti kakasi, maso ali tong'o, ngati wina wamuitana kuchokera kutali. Kenako analavula, n'kuyamba kupukuta lilime ndi zala, zala zomwezo n'kuzitikita m'maso. Apo ndiye anakuwa.

Ndinathamanga ndi mkaka. Ndikumumwetsa, ndikumusambitsa kumaso, ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Waona? Ndinati udikire." Mawu amenewo anandinunkhira ngati madzi otsukira nsomba, komabe ndinawanena.

Lachiwiri anangonyambita pang'ono n'kuyamba kulira chamumtima. Lachitatu sanaikhudze. Anakankhira mpando wake kutali ndi tebulo. Nditabwera ndi ziwiri zabwino zija, anazilandira n'kukaziika pansi pa pilo. Ndinadziuza kuti akusungira mawa.

Lachinayi tinakwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, mpaka paphiri. M'chipinda chodikirira munali fungo la mafuta onunkhira ndi mantha. Mayi aliyense ankayang'ana mwana wa mnzake ngati mbuzi ya pamsika. Pafupi nane panali mayi wina wa wigi lalitali, akukankhira chitumbuwa cha mpunga m'kamwa mwa mwana wake.

"Meza, bambo, meza. Chomaliza ichi." Anandiyang'ana n'kutsinzina diso limodzi. "Chachisanu. Ndikufuna akaione switiyo ngati mwala."

Sipanapite nthawi, mwana uja anabweza zonse pabenchi, mpunga ndi mafuta, zina n'kugwera pansapato yanga. Mayi uja sanamufunse n'komwe ngati m'mimba mukupweteka. Anangomupukuta kolala n'kunena kuti, "Ndiye umvanso njala tsopano, chitsiru iwe." Ndinasuntha mwendo monyansidwa. Kenako ndinakumbukira zimene zinali pawindo kwathu, ndipo ndinasiya kumuyang'ana moipa.

Anaitana dzina la Kemilembe. Woyeza anali Madamu Shirima, mayi wamtali wonyamula kabolodi ka mapepala ndi wotchi yapakhosi. Analowa naye m'kachipinda, n'kuika mbale patebulo, n'kumuuza mawu aja. Atatuluka anandikokera pagalasi loti ife tikumuona koma iye sakutiona.

Kemi anayang'ana mbale kamodzi kokha. Analowetsa manja onse pansi pa ntchafu, n'kutembenuzira nkhope kukhoma, milomo ataitseka zolimba.

"Taonani, mama," Madamu ananong'ona, cholembera chikuthamanga. "Wachotsa maso dala pachinthucho. Imeneyo ndi njira ya ana okhwima m'maganizo. Palibe amawaphunzitsa, amabadwa nayo."

Ine kakhalidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndi mmene amakhalira galu wa aneba akalowa pampanda. Phewa lake lakumanzere linkanjenjemera pang'ono, koma Madamu anali kuyang'ana wotchi.

"Mphindi zisanu ndi ziwiri... Abale, mwana uyu! Ngakhale kununkhiza."

Mphindi khumi zitakwana, Madamu analowa akuwomba m'manja, maswiti awiri ali pachikhatho. "Wachita bwino, mwanangu! Landira." Kemi anasuntha ndi mpando womwe mpaka kukagunda khoma.

Madamu anatuluka nkhope ikuwala. "Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuyeza ana, sindinaonepo wokana ndi mphoto yomwe. Uyu sachitira kuti alandire kanthu. Zili m'magazi." Anandionetsa pepala la mizere yamitundumitundu. Mzere wa kudziletsa unafika mpaka kumapeto. Pansi analemba kuti: wodekha, woganiza asanachite, sakopeka msanga. Anadinda chidindo. "Januwale abwere. Koma tatiuzeni, mumamulera bwanji?"

Amayi atatu anali atatchera khutu, wa wigi uja ali patsogolo. Ndikanatha kunena. Mawu ake anali ochepa: ndinapaka tsabola. Ndinaona mpanda wa buluu pawindo, ndinaona pepala lodindidwa m'manja mwanga.

"Ndi chisomo chabe," ndinatero.

Tili pageti foni inalira. Alamu. Nditangoti walowa, anaimba nthungululu mpaka woyendetsa bajaji anacheuka.

"Sindinanene? Pepalalo uliike m'felemu, mlamu wanga! Ndipo usaiwale amene anakupatsa nzeru. Ndikufuna chitenje chatsopano cha kanga ine, osati zikomo wapakamwa."

Ndinadula foni.

Tinatsikira pamsika kuti ndimugulire Kemi kanthu. Ndinagula chinanazi chosenda kale, chimene amachikonda kuposa chilichonse. Anachigwira ndi nsonga za zala, n'kuchinunkhiza mbali iyi ndi iyo. Kenako anandiyang'ana. Sanayang'ane chinanazi, anayang'ana ine.

"Amama, yambani mwadya inuyo."

Ndinaluma. Anadikira ndimeze, akuyang'anitsitsa maso anga ngati atuluke misozi. Atakhutira anadya chonse, msangamsanga, atanditembenukira msana.

Kufika kunyumba ndinatenga kapepala ka tsabola kaja n'kukataya m'chimbudzi. Ndinasamba m'manja kawiri ndi sopo wochapira. Pansi pa pilo ndinapeza maswiti awiri aja atazingwa ndi nyerere.

Fomu yovomera malo ndinasaina tsiku lotsatira. Yunifolomu tinakasoketsa, ndipo Mutalemwa anakhomadi pepala lija pakhoma, pamwamba pa wailesi yakanema. Alendo akabwera amawawerengera mokweza, "Sakopeka msanga!" Kemi amamvetsera.

Papita milungu isanu tsopano. Phala, nthochi, tiyi, chilichonse chochokera m'manja mwanga ndimayamba ndalawa ine iye akuona. Za bambo ake amangolandira n'kudya. Za alamu amadyanso.

Dzulo masana ndinagula switi imodzi. Ndinamasula pepala pamaso pake, ndinaluma pakati, ndinatafuna n'kumuonetsa lilime. Theka linalo ndinamupatsira.

"Yako iyi, Kemi."

Analandira, koma sanaike m'kamwa. Anaifumbata.

"Idya, mwanangu. Ilibe kanthu. Waona ndadya ine."

"Ine ndine wodikira," anatero. "Madamu ananena."

Anakhala nayo choncho pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, mpaka inasungunuka n'kuyamba kutsika pakati pa zala. Ntchentche zitayamba kutera, anabwera n'kunditambasulira dzanja kuti ndimusambitse.