Dzina la Kachoko pa Gemu

Atelala a pakona anali munthu wa liuma, zimenezo aliyense mumsewu uja ankadziwa. Ukawauza kuti thalauza lifupike, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kusoka mmene afunira iwo. Ndiye atamwalira mwana wawo wamkazi, liuma lija linapeza pogwira.

Mwanayo ankamutchula Kachoko, poti ali wamng'ono ankaba choko cholembera nsalu n'kumajambula kunsi kwa tebulo. Atakula, iye ndi anzake awiri anapanga gemu ya pa foni: kamtsikana kothamanga mumsika katasenza mtolo wa nsalu, kakulumpha zithaphwi ndi mawilibala. Zithunzi zonse anajambula yekha Kachoko, kuseri kwa mapepala a patani a bambo ake. Kenako anadwala, ndipo matendawo sanachedwe naye. Anzake aja anagulitsa gemuyo ku kampani ina, imene inaiika pa tsamba la pa intaneti pomwe anthu amatenga magemu. Kumapeto kwake kunali mayina mbwee, mpaka a mabwana oti sanagwirepo pensulo. La Kachoko lokha ndiye panalibe.

Atelala sankafuna china ayi. Ankangofuna dzinalo lilembedwe.

Mayi wa pashopu yosindikiza mapepala, khomo loyandikana nalo, ndi amene anawasonyeza potumizira dandaulo. Anajambula mapepala a patani aja limodzilimodzi n'kutumiza ngati umboni. Eni tsamba anaimitsa gemuyo. Kampani inangosintha mtundu wa diresi la kamtsikana, gemu n'kubwerera. Dzina osaoneka. Atelala anadandaulanso, gemu inaimitsidwanso, ndipo pobwera ulendo uno kamtsikana kanali katavekedwa chipewa.

"Chipewa!" anakuwa atelala, makina ali chilirire. "Mwana wanga zipewa ankadana nazo!"

"Bambo a Kachoko, zisiyeni," anatero akazi awo, amene masana ankabwera kudzathandiza kusokerera mabatani. Koma mawu a mayiwo chimwalirire mwana anali ochepa, ndipo abambowo anazolowera kusawamva.

Tsiku lina, mayiwo kulibe, panafika mmodzi wa anzake a Kachoko aja, amene malemuyo ankamuti Wamtali. Anaima pakhomo ngati wobwera ndi uthenga wa maliro.

"Bambo, ndabwera kudzagwira mwendo. Lamulo la tsamba lija ndi loti madandaulo atatu akamveka, gemu amaifufuta kotheratu. Ngakhale amene anaitenga kale, siidzawatsegukiranso."

"Ndiye lembani dzina."

"Loya wa kampani akukana. Akuti kulemba dzina n'kuvomera mlandu. Ine ndilibenso mawu, bambo, ndinagulitsa."

"Unagulitsa ndi mnzako yemwe," anatero atelala. "Tuluka, ukundiphimbira kuwala."

Wamtali anatuluka akupukuta m'maso. Atelala mumtima ankati n'zoopseza chabe. Kampani yake iti ingalolere kutaya gemu yonse chifukwa cha mzere umodzi? Akaona kuti zavuta, alemba. Za Wamtali sanawauze akazi awo.

Atelala atapita kukatumiza dandaulo lachitatu, mayi wa mapepala uja anayesako kuwabweza. "Achimwene, taonani bwino. Apa palibe polemba kuti mukufuna dzina. Chimene alola kupempha n'choti ichotsedwe basi."

"Dinani, mayi. Ine si mwana."

Anadina.

Kampani sinayankhe n'komwe. Inali ndi magemu ambirimbiri, kameneka kanali ngati batani lothothoka pa malaya akale. Uthenga wa eni tsamba unafika m'mawa wina, atelala ali ndi tepi m'khosi. Mayi wa mapepala anawawerengera pang'onopang'ono: dandaulo lamveka, gemu yachotsedwa, sidzabwereranso, tikuthokoza potithandiza kuteteza ntchito za eni ake.

"Ndiye kuti ndawina?"

"Mwawina, achimwene."

Atelala anakhala pa mpando wa makina, phazi pa chopondera, osaponda. Kuwina kwake kumeneku? Anatseka shopu dzuwa lili paliwombo, kasitomala wa suti akuwaitana kumbuyo.

Kunyumba anapeza akazi awo atakhala pa mpando wa kukhitchini, mbale zosatsuka zili m'beseni, foni ili m'manja.

"Mwachita bwino kubwera. Tandionereni ichi, sichikutseguka kuyambira m'mawa. Kapena bandulo yatha?"

Pa galasi la foni panali kachithunzi ka kamtsikana kosenza nsalu, katachita mbuu. Atelala anailandira foniyo. Miyezi yonseyi ankagona chipinda chimodzi ndi mayiwa, koma sankadziwa kuti gemuyo ili m'foni mwawo.

"Kodi inu mumasewera zimenezi?"

"Kusewera ndingakuthe ine, zala zake zino?" Mayiwo anaseka pang'ono, mwamanyazi. "Ndimangotsegula. Mukakasiya osakagwira, kamaima n'kuyamba kukanda mwendo ndi phazi linzake. Kenako kamayang'ana kumbuyo ngati wina wakaitana. Ndi yemwe uja, bambo ake, mmene ankaimira pakhomopa ndikamutuma. Ndimamuuza zochitika, za mvula, za msana wanuwu. Chipewacho sindichiona n'komwe."

Chisoni chinawagwira atelala, chisoni chosakanikirana ndi manyazi. Mapepala a patani analipo ndithu, atapindidwa bwino m'sutikesi, koma mapepala sakanda mwendo. Anadina kachithunzi kaja kamodzi, kawiri, ngati kuti chala cha telala chingathe zimene zakanika ena. Anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma zimene zinatuluka n'zina.

"Ndi netiweki, mayi."

"Ndimadziwa ine," anatero mayiwo, mtima utakhala pansi. Analandira foni ija, n'kuipukuta ndi nsonga ya diresi. "Ndiyesanso mawa. Asaone ngati ndamuiwala."