Ndinati Nkhope Ioneke

Mwana wanga wamkazi anabwereza sitandade 3 katatu. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wamtali ngati bambo ake, koma ukamupatsa buku zilembo zimamuthawa. Ndinkamukwapula, sindibisa. Ndinkati ndi ulesi, pakuti mwana yemweyo ukamukhuthulira belo la nsapato pansi, amapeza inzake ya nsapato iliyonse iwe usanamalize kupinda chiguduli. Ndiye ndinkati mutu ulipo, nanga chikuvuta n'chiyani?

Ine ndimagulitsa nsapato za kaunjika pamsika, mzere wachitatu kuchokera pageti, moyang'anizana ndi wosoka maambulera. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pa malonda palibe anandipusitsapo. Chimene sindinachione ndi maso angawa, kwa ine kulibe.

Tsiku lina aphunzitsi ake anandiitanitsa. Ndinafunditsa benchi ndi pulasitiki n'kupita, ndikung'ung'udza njira yonse. Mu ofesi ndinapeza aphunzitsiwo, mayi wina wa magalasi wochokera ku bungwe, ndi bambo wa ndevu atapachika kamera m'khosi.

"Khalani pansi, mayi," anatero wa magalasi. "Mwana wanu si waulesi."

"Nanga n'chiyani? Nenani msanga, katundu ndasiya padzuwa."

Anafotokoza kuti pali ana ena amene mutu wawo umavutika kugwira zilembo, maso ali bwinobwino, nzeru zilipo. Si ulesi, si kulodzedwa. Anatchula dzina lake lachingerezi, ine ndinalisiya pampando pomwepo. Anati akukonza kanema woti azionetsa makolo m'masukulu ndi m'zipatala, kuti anthu asiye kumenya ana otere, ndipo akufuna mwana weniweni, osati wochita sewero.

"Wanga apindula chiyani?"

"Anthu ambiri aphunzirapo."

"Anthu ambiri sindinawabereke ine. Ndikufunsa za wanga."

Aphunzitsi anatsokomola. Kenako anaulula kuti kusukulu ya kutsidya kwa msewu waukulu kuli mphunzitsi wa ana oterewa, koma amatenga asanu ndi atatu okha, ndipo odikira ndi ambiri.

"Mpando umodzi kumeneko," ndinatero. "Apo ayi, kajambuleni ana anu."

"Tiyesetsa kumulembetsa pa mndandanda."

"Mndandanda sakhalapo munthu. Ndati mpando."

Ndinanyamuka n'kutsegula chitseko. Makasitomala amandichita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndiye ndimadziwa poyendera. Pa sitepe yachiwiri anandiitana, n'kuvomera za mpando.

Anatulutsa mapepala atatu, zilembo zake ngati nyerere. Wa magalasi anandiwerengera. Akuti adzajambula msana, manja ndi buku basi. Nkhope adzaiphimba ndi kachifunga, mawu adzawasintha, dzina sadzalitchula.

Apa m'pamene ndinadziona wochenjera. Ndinaganiza kuti pepala ili sindingalimbane nalo. Mawa akhoza kunena kuti mwana wa m'kanemayo si wanga, ndi wa mlamu wa ahedi, mpando n'kupita kumeneko. Ine ndikaloza chiyani? Msana? Misana ya yunifolomu imafanana yonse.

"Nkhope ioneke," ndinatero.

"Mayi, timabisa pofuna kumuteteza."

"Kwa ndani? Waba? Nkhope ioneke, mawu akhale ake omwe. Mukadzakana za mpando ndidzaimirira pagulu n'kuloza."

Wa kamera anati, "Amayi, taganizani kaye mpaka mawa. Mukamufunsenso mwiniwake."

"Mwiniwake ndine. Mawa ndili kosankha belo."

Ananong'onezana. Ndinamva wa magalasi akuti kanema wa nkhope amakhudza anthu kuposa wa chifunga. Anakhwatcha mzere umodzi, n'kulemba wina pamwamba, ine n'kusaina. Ndinatuluka mapewa ali m'mwamba. Mwanayo anali atakhala pakhonde la ofesi, chikwama pamiyendo. Sindinamufunse kanthu.

Anajambula Lachinayi, m'kalasi mopanda ana. Ine ndinaima pazenera. Anamupatsa ndime yoti awerenge. Anayamba, n'kukakamira pa liwu lachitatu, n'kubwerera. Kenako anachita zimene amachita akapanikizika. Anadzimenya pachipumi ndi chikhatho katatu, akuti, "Bwera, bwera, bwera." Kuitana liwu kumeneko. Wa kamera anacheukira wa magalasi. Wa magalasi anamukodola kuti apitirize.

Mpando anapereka, sananame. Mwana anapita masabata atatu. Tsiku lina atafika pabenchi anaima n'kuwerenga chikwangwani cha wosoka maambulera, chonse, pang'onopang'ono, osadzimenya. Wosokayo anaomba m'manja. Ine ndinati, "Basi, usatseke makasitomala."

Kanemayo anamuonetsa Loweruka masana muholo ya sukulu, mazenera atatchinga ndi mabulangete. Munadzaza. Makolo pamipando, ana pansi kutsogolo. Anayamba ndi dokotala, kenako zilembo zojambula zikudumphadumpha pabuku. Kenako nkhope ya mwana wanga, yaikulu ngati chitseko. Mayi wina pafupi nane anapukuta misozi. Koma atafika pa "Bwera, bwera, bwera", kutsogolo kunaphulika phwete. Ndinaona mafoni anayi ali m'mwamba.

Pofika Lolemba kachidutswa kameneko kanali paliponse. Wina anadula dokotala yense, n'kusiya chikhatho ndi chipumi, n'kuikamo nyimbo. Makondakitala pa siteji ankaitanira nako anthu, akudzimenya pamutu, "Bwera, bwera, bwera!" Mnzanga wogulitsa masokosi anandionetsa pafoni yake, misozi ya chiseko ili mbwee.

"Asisi, taonani kamwana aka!"

"Kayang'ane bwino."

Anayang'ana, n'kubisa foni m'kamisolo. "Pepani, asisi, nkhope sindinaione."

"Nanga umaona chiyani, nsapato?"

Lachiwiri mwana anabwera chipumi chitatupa. Anzake ankamudikirira pageti, aliyense kumumenya kamodzi, ati akumuthandiza kuitana mawu. Lachitatu sanadzuke. Ndinakoka bulangete, n'kukweza lamba. Sanathawe, sanaphimbe mutu. Anangondiyang'ana.

"Amayi, aja anati abisa nkhope. Ndinamva ndili pakhonde. Munakana ndinu."

Dzanja linatsika lokha.

Ndinapita ku ofesi ya bungwe, nyumba yosanja, masitepe onunkha sopo wokolopera. Sindinagogode.

"Muchotse."

"Wathu tachotsa kale, mayi," anatero wa magalasi. "Takonza wina wobisa nkhope. Koma wa m'mafoni mwa anthu sitingamufikire."

"Tengani mpando wanu. Ndakubwezerani. Mundibwezere nkhope ya mwana wanga."

Anavula magalasi n'kuyamba kulira, akuti naye analakwa, sakanayenera kuvomera. Ndinamuuza kuti misozi yake ndilibe pokaiika. Ndinatsika masitepe onse pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Panalibe choti andiitanire.

Kunyumba ndinayamba kunenerera ndi mwana wanga ngati mlendo. Ndinati upite masiku atatu pa sabata. Ayi, amayi. Awiri. Ayi, amayi. Limodzi, ndizikuperekeza mpaka pakhomo la kalasi, amene akukhudze ndimuthyole dzanja. Ayi, amayi. Ndinati ndikutumize kwa azakhali ako, ukayambe sukulu ya kumeneko. Anati, "Kumeneko kulibe mafoni?" Bambo ake anayesa tsiku limodzi, n'kunditembenukira kuti, "Mwazipanga nokha, zikonzeni nokha." Ndagulitsa kwa anthu ouma mitima, koma aliyense amakhala ndi pamene amaima. Uyu sankatchula kanthu.

Mphunzitsi wa kutsidya uja anabwera kawiri, atanyamula makadi a zilembo. Mwana anadzitsekera kuchipinda. Ulendo wachiwiri mphunzitsiyo anaima pakhomo n'kunena kuti mpando ausunga mpaka kutha kwa mwezi, kupitirira apo sangathe, ana odikira ndi ambiri.

Mwezi unatha Lachisanu. Loweruka m'mawa pabenchi panafika mayi wina wonenepa, akukoka mwana wamwamuna wa zaka ngati khumi.

"Ndinu mayi ake a mtsikana wa m'kanema uja? Mulungu akudalitseni, asisi. Uyu ndinkamumenya mpaka ndodo kuthyoka. Nditaona mwana wanu ndinalira, ndinati uyu ndi wanga ndendende. Ndiye dzulo atiitana, akuti mpando wapezeka, ayamba Lolemba. Tapezereni nsapato zakuda."

Ndinagwada, ndinamuveka, ndinakanikiza chala kutsogolo kwa nsapato. Zinamukwana. Mayiyo anapempha kuti ndimuchotsereko pang'ono. Sindinachotse.

Ndinaweruka dzuwa likadalipo. Ndinapeza m'nyumba mosesedwa, mbale zotsuka, makatani otseka monga akhalira masiku onsewa. Patebulo panali yunifolomu, yochapa, yosita, yopindidwa bwino, masokosi ali pamwamba. Mwana anatuluka kuchipinda n'kuima potsamira khoma.

"Mukagulitse, amayi," anatero. "Ikadali yabwino."