Mabotolo a m'Galaja

Amayi anali ataimirira pampando, dzanja lili pashelefu yapamwamba, pamene anamva mapazi a Azakhali panja. Anabweza msanga botolo limene anagwira n'kutsika, nkhope ili yosalakwa ngati ya munthu wofuna tsache.

"Mukufunafuna chiyani muno, alamu?" Azakhali anafunsa ataima pakhomo la galaja.

"Mipando yopinda ija. Alendo achuluka."

"Mipando ili kumbuyo kwanuko."

Inalidi pomwepo. Azakhali anali mlongo wawo wamkulu wa malemu Abambo, amuna a Amayi, munthu woti akalowa m'nyumba yako amadziwa pamene pali chilichonse, ngakhale chimene mwiniwakewe unaiwala. Chiikire mlongo wawo m'manda, maso awo sanachoke pa Amayi. Ankati munthu wathanzi, woseka m'mawa, sangangogwa masana n'kupita. Zoti adokotala ananena kuti unali mtima, Azakhali ankazimvera khutu limodzi.

Galajayo inali dziko la Abambo. Atapuma pa ntchito yokonza mafiriji, anagwa m'chikondi ndi timagalimoto ta rimoti, tija timathamanga tokha mwiniwake ali chiimire patali. Loweruka lililonse ankakumana ndi azibambo anzawo a imvi m'nyumba yakale yosungiramo katundu, momwe anayalamo kapeti n'kukonza kamsewu kokhotakhota. Banja lonse linkawaseka n'kumawatchula kuti Adalaivala. Amayi ankati ndi zibwana, ndipo sanapiteko ngakhale tsiku limodzi.

Zimene anapeza pashelefu paja n'zimene zinawachotsa mtendere. Kuseri kwa makatoni kunali mzere wa mabotolo apulasitiki, awo omwe, a sopo wochapira tsitsi amene iwo anataya kalekale. Lililonse linali lodzaza ndi madzi ofiirira, chotsekera chili chomatidwa ndi tepi. Atatsegula limodzi, fungo linawamenya m'mphuno, fungo la maswiti oyeretsa m'kamwa losakanikirana ndi china chake cholasa. Fungo limenelo ankalidziwa bwino.

Kale, mwana wawo wamkazi akadali wamng'ono, Abambo ankamwa mowa mosadziwa polekera, ndipo ankabwera kunyumba akutafuna maswiti amenewo poganiza kuti akubisa. Tsiku lina mphumu inawapanikiza Amayi mpaka kutsala pang'ono kupita, ndipo Abambo anali ataledzera moti analephera kulowetsa kiyi m'galimoto. Amene anawatengera Amayi kuchipatala ndi aneba. M'mawa mwake Abambo anagwada pambali pa bedi n'kulonjeza kuti sadzalawanso dontho. Nkhaniyo inakhala ulemu wawo m'banja. Pamaliro ponse anthu ankaibwereza, ndipo mwana wawo uja, amene tsopano anali namwino, anaima pamaso pa anthu n'kunena kuti bambo ake anali munthu wosunga mawu.

Koma Amayi anali ndi chawo cha mumtima. Zaka zaposachedwapa, Abambo akabwera Loweruka madzulo sankalowa m'nyumba mwachindunji. Ankayamba asintha malaya m'galaja, kenako n'kupita pampope wapanja kukasamba m'manja nthawi yaitali, mpaka m'zigongono. Komabe kafungo ka maswiti kaja kankatsalira. Amayi sanafunsepo, chifukwa ankaopa yankho. Ankangoika chakudya patebulo n'kulowa kuchipinda, ndipo Loweruka linasanduka tsiku losalankhulana m'nyumbamo.

Tsopano umboni unali pashelefu. Namwino, mwana wawo uja, anali atanena kale kuti galajayo iyeretsedwa mawa lake, ndipo timagalimoto tipatsidwa kwa anzawo a malemu. Amayi anatsimikiza mtima kuti mwana wawo asaone mabotolowo. Bambo ake anali atapita, koma dzina lawo likanatha kutsala loyera.

Masana amenewo, anthu akuwodzera pabalaza, Amayi anamanga kansalu kumphuno n'kulowanso m'galaja. Kutaya madziwo musinki sikukanatheka, chifukwa fungo likanadzaza nyumba yonse. Kunyamula mabotolo onsewo kudutsa pamaso pa Azakhali kunalinso kudziika pamsampha. Ndiye anatenga botolo lalikulu la madzi akumwa, loonekera mkati lija, n'kukhuthuliramo zonse. Analibisa m'kabati ya zovala, kuseri kwa nsapato za Abambo, kuti adzalitaye alendo akabalalika. Mabotolo opanda kanthu aja anawakankhira pansi pa zinyalala m'bini.

Anaiwala kuti Azakhali ndi bini sankadana. Madzulo Amayi akutsuka makapu, Azakhali anaika botolo limodzi pambali pa sinki mwakachetechete.

"Tsitsi lanu limadya sopo wambiri, alamu."

"Ndi akalekale amenewo."

"Akalekale, koma mkati monyowa." Azakhali ananunkhiza chotsekera n'kukwinya nkhope. "Sopo wake ndi wachilendo. Mlongo wanga ankasambanso yemweyu?"

"Sindikudziwa zimene mukutanthauza."

"Inenso sindikudziwa. Ndikungofunsa."

Azakhali anatenga botolo lawo n'kuliika m'chikwama cham'manja. Amayi anatsuka kapu imodzimodziyo mpaka madzi anazizira.

Mawa lake, nthawi ya chakudya chamasana isanakwane, atatuwo analowa kuchipinda kukalongedza zovala za malemu. Namwino atangotsegula kabati, fungo linatuluka ngati linkadikira pakhomo. Amayi anayamba kutsokomola. Namwino anatsegula mawindo onse, n'kuwakhazika mayi ake pampando wapakhonde, n'kuwapatsa kopopera mankhwala a mphumu. Atabwerera anapeza Azakhali atagwada pansi, akusuntha nsapato imodziimodzi.

Botolo lija silinalinso botolo. Linali litachita mbuu, litafewa n'kupendekera mbali imodzi, pansi pake patang'ambika. Madzi ofiirira anali atayenderera m'kabati, ndipo nsapato yakuda ya Abambo inali itamatirira pathabwa. Azakhali analinyamula ndi nyuzipepala n'kukaliika pakhonde, pamaso pa Amayi.

"Namwino, iwe unaphunzira," anatero. "Tandiuza. Chinthu chosungunula botolo, m'mimba mwa munthu chingachite chiyani?"

"Azakhali, musayambe."

"Sindinayambe ine. Dzulo ndapeza mabotolo a mayi ako m'bini akununkha chimodzimodzi. Lero zomwezo zili kuchipinda, kuseri kwa nsapato. Mlongo wanga wagwa ngati mtengo wodulidwa, ndiye ndikhale chete?"

Namwino anagwada pafupi ndi mayi ake. "Amayi, ndi chiyani chimenechi? Mwachiika ndinu?"

"Ndachiika ndine."

"Chifukwa chiyani?"

Amayi anayang'ana nkhope ya mwana wawo, nkhope ya bambo ake yeniyeni. Mawu ochepa chabe akanawamasula. Akanangonena kuti bambo ako anayambiranso kumwa, ndipo Azakhali akanatseka pakamwa. Koma anakumbukira mmene mwanayu anaimira pamaliro mutu uli m'mwamba, ndipo anameza mawuwo.

"Sindinena," anatero.

"Mwamva nokha," Azakhali anatero motsitsa mawu. "Ndizitengera kwa oyeza. Akayeze, tidziwe chimene chinadya mlongo wanga."

Namwino sanawatsutse. Zimenezo zinawapweteka Amayi kuposa mawu onse a Azakhali, chifukwa anaona dzanja la mwana wawo likuchoka pabondo pawo pang'onopang'ono.

Adakali chomwecho, galimoto inaima pageti. Anali adokotala a mano, mnzawo wa Abambo wa ku mpikisano uja, amene Namwino anawaitana kudzatenga timagalimoto. Anali bambo wamfupi wa dazi, ndipo anabwera atagwira chipewa pachifuwa. Asanamalize kupepesa anaima n'kukoka mpweya. Maso awo anadzaza misozi.

"Pepani," anatero. "Fungo limeneli landikumbutsa mnzanga. Ndimangoona ngati atulukira pakonapo." Kenako anaona botolo lija panyuzipepala. "Koma ndani wathira mankhwala a matayala m'botolo la madzi? Adalaivala akanaona akanadwala."

"Mankhwala a chiyani?" Azakhali anafunsa.

"A matayala, mayi. A timagalimoto tija. Timapaka mpikisano usanayambe, kuti labala afewe, kagalimoto kazigwira kapeti pokhota. Popanda amenewa kamangoterereka n'kukagunda khoma."

"Ndiye amasungunula botolo?"

"Lopyapyala ngati ili, inde. Ntchito yake ndi yofewetsa, ndiye sasankha. Amafuna pulasitiki yokhuthala ija, yosaonekera mkati. Tonsefe tinaonongapo zikwama tisanaphunzire. Ine anandidyera mpando wam'galimoto, ndipo akazi anga sanandikhululukirebe." Anaseka pang'ono n'kupukuta m'maso. "Mnzangayu ankasakaniza akeake, ndipo sanatiuzepo zimene ankaikamo. Ankati mabotolo a sopo wa akazi ake ndiwo sagonja. Ankawatola m'bini inu mukataya, mayi."

Azakhali sanali munthu wogonja ndi nkhani imodzi. Anatulutsa botolo lija m'chikwama n'kuwapatsa adokotalawo. "Ngati zinali zamasewera, ankabisiranji pamwamba, n'kumata ndi tepi?"

"Chifukwa cha mphumu ya mayiwa." Adokotala anayang'ana Amayi modabwa, ngati akunena chinthu chodziwika kwa aliyense. "Ankati fungoli likalowa m'nyumba, akazi anga agonekedwa. Tinkawaseka nazo. Mabotolo ankayenda m'buti, atakulungidwa m'mapepala. Malaya a mpikisano sankafika nawo pabalaza. Tikamaliza n'kumapita kukamwa kamodzi, iwo ankakhala nafe ndi tiyi wawo wam'fulasiki, kenako n'kunyamuka msanga, eti akasambe m'manja kusanade."

Azakhali anatembenukira kwa Amayi, ndipo mawu awo anali atachepa mphamvu, ngakhale kukayikira kunali kusanatheretu.

"Nanga inu, alamu, mumabisiranji?"

"Ndimayesa mowa," Amayi anatero. "Ndimayesa anayambiranso. Sindinafune kuti mwanayu adziwe."

"Ndiye mukanalola kuti ndikutengereni kwa oyeza?"

"Ndikanalola."

Azakhali nawonso ankakumbukira zaka za mowa zija, ndipo anali atatolapo mlongo wawo m'ngalande kangapo. Sanapepese, chifukwa kupepesa sikunali m'magazi mwawo. Anangowerama n'kukulunga botolo lofewa lija m'nyuzipepala, n'kunena kuti alitaya okha kutali, lisawayambitsirenso alamu awo chifuwa. Kenako anakatenga ndowa ndi chikolopa n'kulowa kuchipinda, ndipo anatseka chitseko kuti fungo lisatuluke.

Namwino anabweza dzanja lake pabondo la mayi ake. "Munaganiza zimenezi kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene anagula kagalimoto koyamba."

"Simunawafunse?"

"Sindinawafunse."

Apa ndi pamene chisoni chenicheni chinawafika Amayi, choposa cha tsiku la maliro. Anaganiza za Loweruka lililonse limene anaika mbale patebulo n'kutembenuka, mwamuna wawo akulowa ndi manja ozizira ndi madzi apampope, nkhope ili ndi nkhani ya mpikisano imene sanapeze woiuza. Amayi ankayesa kuti akuwalanga chifukwa cha bodza. Abambo ayenera kuti ankayesa kuti akulangidwa chifukwa cha zibwana, ndipo analandira chilangocho osadandaula.

Adokotala ndi Namwino analowa m'galaja kukalongedza. Amayi anawatsatira n'kuima pakhomo. Anaona adokotala akunyamula kagalimoto kobiriwira, kokalikakalika m'mbali, n'kukapukuta ndi mkono wa malaya.

"Ankapambana?" Amayi anafunsa.

"Kawirikawiri ayi," adokotala anatero. "Koma pokhota panalibe wowaposa."

"Kameneko kasiyeni."

Amayi anakalandira ndi manja awiri. Timatayala take tinali tofewa, tomata pang'ono, ndipo zala zawo zinada. Namwino anafuna kuwalanda chifukwa cha chifuwa, koma Amayi anapukusa mutu. Anakaika pashelefu yapansi, pamalo oonekera, n'kutuluka.

Anazungulira kuseri kwa nyumba, kumpope wapanja kuja. Sanafikeko nthawi yaitali, chifukwa ankauona ngati malo obisirapo tchimo. Panjerwa pambali pa mpopewo panali kabulashi kakale ka mano ndi kachidutswa ka sopo, katapyapyala pakati, kali ndi mizere yakuda m'ming'alu yake. Pamsomali panali kathaulo kouma gwa ndi dzuwa.

Amayi anapinda manja a bulauzi, n'kutsegula madzi. Anatenga kasopo kaja n'kuyamba kusamba pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, mpaka m'zigongono.